Ndizinga Ndekha Mawa

Thadzi langa lakuda linandichita chipongwe chaka chimenecho. Linafungatira mazira bwinobwino n'kuswa onse, ine n'kumadzitama kwa anzanga kuti khola ladzaza misoti. Nthenga za kumchira zitayamba kutalika m'pamene ndinaona kuti ndadya mfulumira: asanu ndi awiri mwa anapiyewo anali atambala. Akali aang'ono sankavuta, kunali kudya ndi kuthamangitsana basi. Koma atayamba kuyesera kulira, aliyense ndi mawu ake osasa, bwalo la kuseri kwa nyumba linasanduka la nkhondo. Paja amati atambala awiri salira m'khola limodzi, nanga asanu ndi awiri? Ankajomphana okhaokha mpaka magazi, akatopa n'kukapumira pa mathadzi. Mathadziwo misana inasosoka mpaka khungu kuonekera, anasiya kuikira, n'kumangoswera pansi pa thanki ya madzi kuopa kutuluka.

Mankhwala a vuto limeneli kuno ku Lindi ngakhale mwana amawadziwa: mpeni. Koma mpeni umenewo sugwiridwa ndi munthu wamkazi. Mkazi agwira miyendo, atereka madzi, asosola, atumbula, aphika. Pakhosi pamadutsa dzanja la mwamuna, dzina la Mulungu lili pakamwa pake. Shehe wina wachinyamata anabwera kudzatiuza kuti m'mabuku mulibe choletsa mkazi kuzinga nkhuku. Tinamumvetsera mwaulemu, tinamupatsa tiyi, n'kupitiriza monga mwa kale. Nkhuku yozinga mkazi angaidye ndani kudera lathu la Mpilipili kuno?

Ine mwamuna ndinali naye, ndipo sanali mwamuna wamba. A Mfaume Chande ntchito yawo inali yautelala, koma mukanafunsa aliyense mumsewu wathu akanayamba kukuuzani za mpeni wawo asanatchule makina awo. Akazi amasiye, ndi amene amuna awo anali panyanja kapena ku minda ya mbibu, onse ankabwera kwathu nkhuku ili m'khwapa. Sankalipiritsa, kupatula nthutumba imene inkabwera madzulo m'kambale kovindikira.

Iwo ankati nkhuku ikufa kale, ndiye palibe chifukwa choti ifenso ndi mantha. Mpeni ankanolera kuseri kwa bafa kuti isauone. Ankayamba aimwetsa madzi, kenako n'kuigoneka moyang'anitsa ku chibula, komwe timayang'ana poswali, n'kumaisisita pakhosi ndi chala mpaka mtima wake utakhala pansi. Akatero, Bisimilahi, kukoka kamodzi, zatha. Zikabwera ziwiri, inayo inkadikira kukhonde m'dengu lovindikira, chifukwa a Mfaume sankalola kuti cholengedwa chionerere imfa ya chinzake chili pamzere. Ine ndinkagwira miyendo. Ndinagwira miyendo zaka zonse za banja lathu, ndipo sindinaonepo nkhuku ikuphupha nthawi yaitali m'manja mwawo.

Matenda awo analowa mwakachetechete ngati chiswe. Poyamba tinkaseka: abwera kuchokera ku mzikiti atavala nsapato za eni, imodzi yakuda ina yofiirira. Kenako anasoka malaya a munthu n'kutseka mikono yonse iwiri. Kenako tsiku lina anapita kukagula ulusi, wina woyendetsa bajaji, kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu, n'kuwabweretsa madzulo atawapeza ku doko akufunsa njira ya kwawo. Dokotala anatiuza kuti ubongo ukutha ndi ukalamba, mankhwala obwezera kulibe. Mayina anayamba kuyoyoka limodzilimodzi: a zidzukulu, a anansi, mpaka la mlongo wawo, Bi Sofina, amene anakwiya ngati achita dala. Koma ine sanandiiwale. Akasokonezeka, maso ali mwazumwazu, ndinkangoima patsogolo pawo, akandiona nkhope mapewa n'kutsika. Chimenecho ndinkachinyadira ndipo ndinkachigwira ndi manja awiri, chifukwa n'chokhacho chimene ndinatsala nacho.

Zinazo ndinkabisa. Makina osokera ndinawaphimba ndi nsalu n'kumauza anthu kuti lamba waduka. Mpeni ndinaukwirira m'thumba la mpunga. Akazi obwera ndi nkhuku ndinkawabwezera pachipata: maso akuwavuta masiku ano, tikudikira magalasi. Magalasiwo anadikiridwa mpaka anthu anasiya kufunsa.

Amene ndinkamubisira kwenikweni anali Nasoro, mwana wa a Mfaume kwa mkazi wawo woyamba amene anamwalira ine ndisanalowe m'nyumba muno. Nasoro amagwira ntchito pa kampani ya malole ku Dar es Salaam. Ndikanakonda ndikanati ndi mwana woipa, nkhani ikanaphweka, koma si woipa. Kungoti kuyambira tsiku la ku doko lija, foni iliyonse inkathera pa nyimbo imodzi: bambo abwere ku Dar, kuli chipatala chachikulu, chipinda chilipo, wantchito wowayang'anira alipo. Nanga ine? Ine ndizipita kukawaona, basi siyovuta masiku ano. Chipinda chinali chimodzi, ndipo mkazi wa Nasoro ndi ine sitinamwerepo madzi chikho chimodzi. Mimba yanga sinawaberekere mwana a Mfaume, choncho pa nkhani za banja lawo ine ndinali mlendo amene wangokhalitsa. Bi Sofina anali kale mbali ya Nasoro. Akanagwirizana onse kuti bambo afika posathanso kukhala pakhomo, akanawakweza basi, ine n'kutsala ndi nkhuku. Choncho pa foni ndinkangoti ali bwino, akudya, dzulo amaseka.

Atambala aja ankangokulabe. M'mawa wina Mwanaidi, mnansi wanga wa kuseri kwa mpanda, anasuzumira pamwamba pa masamba a kokonati amene tinatchingira malire, mpango uli pambali, maso otupa.

"Somoe, kodi watsegula sukulu ya atambala? Ife kuno tulo tinaiwala. Ku mzikiti asanaitane, ako ayamba kale, ndiye bola akanamagwirizana nyimbo."

"Ndi ana a tambala wako amenewa. Ukanamulanga bambo wawo asamadumphe mipanda ya eni."

Anaseka, koma sanachoke. Anayang'ana mathadzi a misana yofiira aja n'kugwedeza mutu. Anati ndisavutike, amuna ake a Kaisi alipo lero, sanapite panyanja, awatumize ndi mpeni athane nazo dzuwa lisanakwere. Ndinamufunsa ngati akunena mpeni kapena sowo, chifukwa nkhuku yozinga a Kaisi tonse tinaiona pa chikondwerero cha Idi, itadzuka mutu uli lende n'kuthamanga mpaka kwa ogulitsa makala, ana akuithamangira pambuyo. Mwanaidi anandinyogodola n'kutsika pa ndowa imene anakwerapo.

A Kaisi amacheka m'malo mozinga, zimenezo n'zoona, koma chondikanitsa chinali china. Mpeni wa mwamuna wina ukalowa pachipata cha nyumba imene mwini wake ali moyo, palibe chifukwa cholengeza pa mzikiti, anthu amva kale. Akazi amayamba kukupatsa moni wa pansipansi ngati wa wamasiye, amuna amasiya kufunsa kuti mdala wadzuka bwanji n'kuyamba kufunsa kuti ana ake akuti chiyani. Ndipo pakamwa pa Mwanaidi ndi pa Bi Sofina pali njira yosamera udzu, pomwe Bi Sofina foni yawo siisowa mayunitsi ochokera ku Dar.

Ndinayesa njira ina. Ndinaitana munthu wogula nkhuku uja amene amazungulira pa njinga yamoto, ndinasankha nthawi ya masana a Mfaume akagona. Tinagwirizana mtengo monong'ona. Anagwira atatu oyamba, anawamanga miyendo ndi chingwe n'kuwapachika kumbuyo kwa njinga mitu ili pansi, milomo ili yasa. Atambalawo anakuwa mokwanira kudzutsa msewu wonse. Ndisanaganize chochita, chitseko chinatseguka, a Mfaume n'kutuluka opanda kofiya, osavala nsapato.

"Iwe, atakupachika chadodolido dzuwa lonseli mpaka kumsika, ungamve bwanji? Masula. Nkhuku ya pakhomo pano imafera pakhomo pano, itamwa madzi."

Munthu uja anamasula atambalawo, analiza njinga yake n'kumapita. Kenako a Mfaume anatembenukira kwa ine, maso ali gwa ngati kale.

"Iwe Somoe, wayamba liti kugulitsa nkhuku ine ndili moyo? Ndizinga ndekha mawa."

Ndinalowa m'khitchini kukalira, koma kunali kulira kwa chimwemwe. Panali patapita miyezi osandikalipira, ndipo sindinadziwe kuti munthu angasowe kukalipiridwa mpaka chonchi. M'mawa mwake ndinawakumbutsa. Anandifunsa kuti atambala ati. Ndinawatengera kuseri n'kuwaonetsa, iwo n'kuti, aa, awatu akula, ndizinga mawa. Tsiku linalo chimodzimodzi. Mawa ameneyo anakhala mnzathu wa m'nyumba, ndipo ine sindinawakakamize. Ndinkaopa. Dzanja likakaiwala mpeni uli pakati pa khosi, nkhuku ikuphupha, iwo akudzionera okha chimene asanduka, ndikanawatola bwanji pamenepo? Bola kumangokhulupirira tonse awiri kuti mawa azinga.

Thadzi lina lotuwa, loikira bwino kuposa onse, linang'ambika pansi pa phiko. Ndinalipaka phulusa ndi mafuta a kokonati, ndinaligoneka m'katoni m'khitchini, koma linafa. Chofa chokha sichidyedwa, ndiye ndinalikwirira kuseri kwa chimbudzi. Pobwerera ndinapeza atambala awiri atapanikiza thadzi lina pakona, ndinawagenda ndi tsache ndi mawu amene mkazi woswali sayenera kuwadziwa. Sanalakwe kanthu, Mulungu anawalenga choncho. Wolakwa ndinkamusowa, n'chifukwa chake mtima unkawawa kwambiri.

Nasoro anaimba foni ali kale m'basi, atadutsa Kilwa. Anachita dala, ndikudziwa. Koma maola amene anatsalawo anandikwanira. Ndinawameta ndevu a Mfaume, ndinawaveka mkanjo woyera ndi kofiya yatsopano. Ndinamasula kabelu kamene ndinamangirira pachitseko kuti ndizimva akamatuluka. Ndinachotsa nsalu pa makina n'kuikapo malaya osatha kusoka, aoneke ngati ntchito ili pakati. Uku ndikupala kokonati, uku ndikubwereza ngati mphunzitsi wa ana: Nasoro akubwera, mwana wanu Nasoro, wa ku Dar, Nasoro.

Ndipo a Mfaume anakhoza. Anamulandira pakhonde ndi dzina lake, anamufunsa za msewu, anafunsa ngati ana onse ali bwino osatchula wina aliyense, zomwe abambo ambiri amachita ngakhale mutu uli bwinobwino. Anadya mpunga ndi nsomba mwaulemu, osataya. Atayamba kubwereza funso la msewu kachitatu, ndinalowetsapo nkhani ya mitengo ya mbibu chaka chino. Ndinaona Nasoro akumasuka, mapewa akutsika, ndipo mumtima ndinayamba kale kumuperekeza ku basi. Atatha kudya, Nasoro anati akasambe. Anatenga ndowa n'kupita kuseri, ndipo anakhalitsa, madzi osamveka kukhavuka.

Nyumba yonse ndinaikonza, bwalo ndinaliiwala. Ndinamupeza atanjuta pafupi ndi thanki, thadzi lili m'manja, akuyang'ana msana wake wofiira. Atambala anali mbwee momuzungulira, wina atakwera pa mtondo akulira ngati walipidwa.

"Mayi aang'ono, ine ndinakulira pabwalo lino. Tambala wachiwiri sankafika polira. Bambo anazinga liti komaliza?"

Ndinati tinkasungira iyeyo, kuti akabwera akatengere ana nyama ya nkhuku zenizeni, osati zoyera za m'mafiriji a ku Dar zija. Anandiyang'ana osaphethira. Bodza lake linali lopyapyala moti ngakhale ine ndinachita nalo manyazi. Anaika thadzi pansi mosamala, n'kupukuta manja pa thalauza.

"Chabwino. Mawa m'mawa azinge. Akazinga monga ndimawadziwira, ndikwera basi ndekha, ndipo za ku Dar sindidzatchulanso mpaka inu mutatchula. Koma akalephera, musandikanize. Matikiti ndagula awiri."

Ndinapsa mtima. Ndinamufunsa ngati bambo ake asanduka mwana wa sukulu woti alembe mayeso. Ndinamuuza kuti nkhope yokhayo imene yatsala m'mutu mwawo ndi yanga, kuti ku Dar adzadzuka m'chipinda chachilendo n'kuona mtsikana wantchito amene sakumudziwa, adzachita mantha, ndipo sipadzakhala wowatsitsa mtima. Ndinati iweyo udzakhala uli ku malole ako, mkazi wako ali ku ofesi, munthu adzafa ndi mantha masana dzuwa likuswa mtengo. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Kenako ananena motsitsa kuti akudziwa kuti ndimawakonda, ndipo palibe amene angawasamale ngati ine, koma ndaonda, maso alowa, ndipo tsiku lina ndidzapita kumsika n'kupeza atatuluka, ulendo uno wa bajaji osawapeza. Zinandipweteka chifukwa zimenezo ndinkaziganiza ndekha tsiku lililonse ndikamakhoma chipata.

Madzulo ndinatsekera atambala onse m'khola osawapatsa chakudya, monga tinkachitira kale. Ndinakhala pa mkeka pafupi ndi a Mfaume n'kuwauza kuti mawa ndi tsiku la atambala aja. Anati inde, inde, n'kundifunsa kuti mlendo wagona kuchipinda chakumapetoyo ndani. Ndinawauza. Anati ndi mwana waulemu. Poswali sindinadziwe chopempha, ndinangoti Mulungu, manja aja ndi anu, abwerekeni tsiku limodzi lokha.

Kutacha ndinavuula mpeni m'thumba la mpunga. Ndinauika pa mkeka pambali pa tiyi wawo pamodzi ndi mwala wonolera. Nasoro anali ataima pakhomo, manja ali m'thumba. A Mfaume anamwa tiyi, anadya chitumbuwa, mpeni osauyang'ana. Kenako dzanja lawo linapita lokha, linautola, chala chachikulu n'kuyesa kunsonga.

"Wadula nawo chiyani mpeniwu, chinangwa?"

Anadzuka, anatenga mwala n'kuzungulira kuseri kwa bafa. Titamva kulira kwa chitsulo pa mwala, pang'onopang'ono, kupita ndi kubwera, ndinatsamira khoma n'kumamvetsera.

Atatuluka sanathamangire kuzinga. Anati titsegule khola, timwaze gaga pang'ono. Atambala anjala aja anagwera gagayo akupondana, koma mmodzi wamawangamawanga, wosakula kwenikweni, anatola n'kulavula, n'kuyamba kuitana mathadzi ndi kamawu kapansi kaja. A Mfaume anamuloza ndi chibwano n'kunena kuti uyo atsale, amadziwa kuti ali ndi banja. Enawo tinawatsekera m'madengu kukhonde. Anauza Nasoro akumbe kadzenje pansi pa mtengo wa ndimu, aike mchenga pambali.

Nasoro, pofuna kufulumiza ntchito, anabwera ndi awiri, wina dzanja ili wina dzanja ili.

"Iwe Nasoro, sukulu zonse zija unaphunzira chiyani? Ukufuna mnzakeyo aziona? Bweza mmodzi, umuvindikire."

Bambo wa ana anayi, wa imvi m'ndevu, anathamanga ngati kamwana kotumidwa mchere. Ine ndinanjuta n'kugwira miyendo. Tambala woyamba anali wolusa kuposa onse, amene anang'amba thadzi langa lotuwa, ndipo ndinkaganiza kuti ndisangalala kumuona akupita. A Mfaume anaviika mlomo wake m'kambale ka madzi, anadikira ameze, anamugoneka moyang'anitsa ku chibula. Chala chinayamba kusisita pakhosi. Ndinamva miyendo imene inkakankha m'manja mwanga ikufewa, diso likutsinzina, mpaka chilombo chija chinagona phee ngati mwanapiye. Bisimilahi. Kukoka kamodzi. Anamugwirabe mapiko mpaka thupi litasiya kunjenjemera, anathira mchenga pa magazi, anatsuka mpeni, kenako n'kuitanitsa wina. Ndinamumvera chisoni tambala uja, ndipo misozi imene inagwera pa mikono yanga sindinathe kuipukuta chifukwa manja anali otanganidwa.

Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Dzanja silinanjenjemere, palibe chimene anadumpha. Pakati pa ntchito anaima n'kukanolanso mpeni kuseri kwa bafa, ngakhale kwa ine unkaoneka wakuthwa. Ndinaona mpango wa Mwanaidi ukusuntha kuseri kwa masamba a mpanda, ndipo sindinamuthamangitse. Ndinkafuna aone bwinobwino, akauze Bi Sofina, akauze msewu wonse, ngati n'kotheka akwere basi akauzenso ku Dar. Nasoro ankabweretsa mmodzimmodzi, ndipo pofika wachisanu sankayang'ananso mpeni, ankangoyang'ana nkhope ya bambo ake.

Womaliza atagona, bwalo linakhala chete moti ndinamva mathadzi akutuluka pansi pa thanki, wamawangamawanga uja akuwatsogolera ku gaga wotsala. Nasoro anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya. Anabwera pamene ndinali n'kundigwira dzanja ndi manja awiri, chinthu chimene sanachitepo chilowereni ine m'nyumba muno.

"Ndagonja, mayi aang'ono. Bambo atsala. Mundikhululukire."

Anatulutsa foni n'kupita kunja kwa chipata kuti akauze mkazi wake ndi kubweza tikiti inayo. Ine ndinkafuna kululuta. Ndinathamangira kukhitchini kukatenga madzi otentha amene ndinatereka, ndikuganiza kale za amene ndimugawire nyama: a Kaisi ntchafu kuti aphunzire, Bi Sofina khosi kuti aone m'mene lazingidwira. Ndinabwerera ndi beseni, nthunzi ikundiphimba kumaso, n'kuliika pansi pa mtengo wa ndimu.

A Mfaume anali atatsuka mpeni n'kuukulunga m'kansalu. Anatola tambala womaliza uja, anamugwira miyendo yonse iwiri pamodzi n'kundipatsira ndi manja awiri, akumwetulira mwaulemu.

"Nayu, mayi. Onse apita bwino, palibe wavutika. Koma mukawauze amuna anu asamasunge atambala ambiri chonchi, amazunza mathadzi. Kodi iwowo ali kuti, osazinga okha?"

Ndinaima patsogolo pawo penipeni, dzuwa likundiwala kumaso. Ndinakankhira mpango kumbuyo kuti aone bwino. Anandiyang'ana, maso odekha, opanda mantha ngakhale pang'ono, akudikira yankho monga munthu amadikirira mlendo wamanyazi. Ndinadikira nanenso kuti mwina zibwerera. Sizinabwerere.

"Akudwala," ndinatero.

"Pepani kwambiri. Ndiye muzibwera nazo kuno, musamachite manyazi. Matenda si kulakwa kwa munthu."

Kunja kwa chipata Nasoro ankaseka pa foni. Ndinkamva mawu ake bwinobwino, akuuza mkazi wake kuti akanangoona yekha, bambo ali gwa, mpaka amukalipira ngati kale. Chipatacho chinali pafupi. Ndikanangoitana dzina lake kamodzi, akanalowa n'kumva yekha, ndipo tikiti ikanakhala isanabwezedwe. Ndinkadziwa kuti chifukwa chimene ndinamukanizira dzulo chathera pomwepa, pansi pa mtengo wa ndimu, tambala ali m'manja mwanga akadali wofunda. Mtima unandisweka, ndikunena mosabisa, unasweka kuposa tsiku limene ndinaika mayi anga m'manda. Koma Nasoro sindinamuitane. Kaya andidziwa kaya sandidziwa, ine ndinkawadziwa, ndipo sindikanatha kuwakweza basi.

A Mfaume anayang'ana atambala amene anandanda pa mchenga, kenako anayang'ana manja anga awiri, n'kugwedeza mutu.

"Simungathe kunyamula onsewa chonchi. Dikirani, akazi anga akubwerekeni dengu."

Anatembenukira kunyumba, anakweza mawu pang'ono.

"Somoe. Iwe Somoe, tabwera ndi dengu, kuli mlendo kuno."

Anadikira, khutu lili kukhomo. M'nyumba munali zii. Ndinaona nkhope yawo ikuyamba kusintha, maso akuyamba kuthamangathamanga, dzanja logwira mpeni likufinya kansalu kaja. Anaitananso kachiwiri, ulendo uno mawu akunjenjemera.

Ndinaika tambala m'beseni. Ndinazungulira nyumba kudzera kukhonde, ndinalowa m'khitchini, ndinaima kuseri kwa chitseko kumene sakanatha kundiona nkhope, n'kuvomera.